KUPIMA KUTENTHA KWA THUPI LA MUNTHU AMENE ALI PA OPARESHONI

Lero tiyamba ndi cinthu cimene ali yense wa inu anacionapo kunyumba. Mwana akadwala usiku, amai ake amaika dzanja lao pamphumi pake kuti amve ngati thupi latentha. Akapeza kuti latentha, m'mawa mwake amapita naye ku cipatala, ndipo kumeneko anamwino amatenga copimira kutentha, cimene ambiri amacicha themometa, namuika mwanayo m'khwapa. Dzanja la amai linangonena kuti mwana watentha, koma copimira cija cimanena kuti watentha motani, pakuti cimapereka nambala.

Tsono taganizani za munthu wina amene sangathe kunena kanthu za thupi lake. Iye wagona pa tebulo la opareshoni, ndipo madotolo amupatsa mankhwala ogonetsa. Sangadandaule kuti akumva kuzizira, ndiponso sangapemphe bulangeti. Kodi amene akumusamala adzadziwa bwanji ngati thupi lake likuzizira kapena likutentha mopitirira? Kodi angathe kudziwa popanda kulowetsa cida m'kati mwa thupi lake? Nanga munthu akabwera ndi cida catsopano, nanena kuti cimapima bwino, tidzatsimikiza bwanji kuti akunena zoona? Mafunso atatu amenewa ndiwo phunziro lathu la lero.

Kutentha kwa m'kati ndi kutentha kwa pakhungu

Amai akaomola nsima naiika m'mbale, patapita kanthawi pamwamba pa mtanda pamazizira, kotero kuti mungaukhudze osapsa. Koma wosusuka amene apisa cala m'kati mwa mtandawo amacicotsa msanga, cifukwa m'katimo moto ukalimo. Thupi la munthu liri cimodzimodzi. M'mutu, m'cifuwa ndi m'mimba, mmene muli ubongo, mtima, mapapo ndi ciwindi, kutentha kumakhala pafupifupi madigiri 37 pa muyeso wa Celsius, ndipo kumasintha pang'ono cabe, kaya ndi m'malimwe kaya ndi m'nyengo ya cisanu. Koma khungu, manja ndi miyendo zimatsatira mphepo ya kunja. M'mawa wa mwezi wa Juni, pamene mufika ku sukulu zala zitauma kotero kuti simungathe kugwira bwino pensulo, m'kati mwanu mumakhala mukali pafupi ndi madigiri 37.

Nambala imeneyi sinangopekedwa ai. Dotolo wa ku Germany, Carl Wunderlich, amene anali kugwira nchito mu mzinda wa Leipzig, anapima anthu pafupifupi 25,000, ndipo mu 1868 anafalitsa zimene anapeza. Copimira cake cinali cacitali ndithu, ndipo cinali kukhala m'khwapa mphindi pafupifupi 20 cisanapereke yankho. M'zaka zomwezo dotolo wa ku England, Thomas Clifford Allbutt, anapanga copimira cacifupi ca masentimita 15, cimene cinali kutenga mphindi 5 zokha ndipo cinali kukwana m'thumba la jekete.

Kodi ncifukwa ninji kutentha kwa m'kati sikusinthasintha? Kunsi kwa ubongo kuli kacigawo kakang'ono kochedwa hypothalamus, kamene kamagwira nchito ya mlonda. Thupi likayamba kutentha, mlondayu amatsegula mitsempha ya magazi ya pakhungu, natulutsa thukuta kuti thupi lizizire. Thupi likayamba kuzizira, iye amafinya mitsempha ya m'manja ndi ya m'miyendo kuti magazi ofunda asungike m'kati. Kuzizira kukapitirira, amacititsa munthu kunjenjemera, pakuti minofu ikamagwedezeka imapanga kutentha. Ndipo mwini thupi nayenso amathandiza pakubvala juzi kapena kusendera ku moto.

Cimene cimacitika munthu akagonetsedwa

Pa 16 Okutobala 1846, mu mzinda wa Boston ku America, William Morton anaonetsa pamaso pa madotolo kuti munthu angagonetsedwe ndi mankhwala a ether nacitidwa opareshoni osamva kuwawa. Imeneyi inali mphatso yaikuru kwa odwala a dziko lonse lapansi. Koma patapita zaka, madotolo anazindikira kuti mankhwala amene agonetsa munthu amafooketsanso mlonda uja wa kunsi kwa ubongo.

Wodwala akangogona, mitsempha ya m'manja ndi ya m'miyendo, imene inali yofinyika, imatseguka. Magazi ofunda a m'kati amathamangira ku manja ndi ku miyendo kumene kuli kozizira, nabwerako atazizira. Ziri monga mmene amacitira amai posakaniza madzi a pamoto ndi madzi a mumtsuko kuti asambitse mwana: madzi onse amasanduka ofunda pang'ono cabe. Mu 1995 ofufuza a ku America anapima anthu abwinobwino amene anadzipereka kuti agonetsedwe, ndipo anapeza kuti m'ola loyamba lokha kutentha kwa m'kati kunatsika ndi madigiri 1.6, makamaka cifukwa ca kusakanikirana kumeneku.

Apa pali cinthu cimene muyenera kucigwiritsa. Pa nthawi yomwe m'kati mukuzizira, manja ndi mapazi a wodwalayo amakhala akufunda, cifukwa magazi ofunda afika kumeneko. Munthu womukhudza dzanja anganene kuti zonse ziri bwino, pamene m'kati zinthu zikuipa. Akuluakulu anati cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Pali zinanso zimene zimaonjezera kuzizira. Cipinda ca opareshoni cimasungidwa cozizirira. Wodwala amakhala wobvula, ndipo khungu lake limatsukidwa ndi mankhwala amadzi ophera tizirombo. Mimba ikang'ambidwa, kutentha kumatuluka monga nthunzi ituluka mumphika wobvundukula. Madzi amene amamuthira m'mitsempha nawonso ndi ozizira, pokhapokha atawafunditsa. Makanda ndi nkhalamba ndiwo amazizira msanga koposa onse. Kutentha kwa m'kati kukatsika kunsi kwa madigiri 36, madotolo amati wodwalayo wazizira.

Cifukwa cake kuzizira kumaopsa

Mwina wina afunsa kuti, kodi madigiri awiri okha ali ndi kanthu? Yankho linapezeka ku Austria mu 1996. Dotolo Andrea Kurz ndi anzake anatenga odwala 200 amene anali kucitidwa opareshoni ya matumbo, nawagawa magulu awiri. Odwala 104 anawafunditsa ndi mpweya wofunda ndi madzi ofunda a m'mitsempha, ndipo anamaliza opareshoni ali pa madigiri 36.6. Odwala 96 anawasamala monga mwa masiku onse a nthawi imeneyo, ndipo anatsika kufika pa madigiri 34.7. Mwa ofunditsidwa aja, anthu 6 okha ndiwo mabala ao anacita mafinya. Mwa ozizira aja, anthu 18. Motero ozizirawo anabvutika kuwirikiza katatu, ndiponso anakhalitsa m'cipatala. Cifukwa cake ndi ici: thupi likazizira, mitsempha ya pafupi ndi bala imafinyika, mpweya wa okosijeni sufika wokwanira, ndipo maselo oyera a m'magazi, amene ndiwo asilikari olimbana ndi tizirombo, amafooka.

M'caka comweco, mu mzinda wa Vienna, ofufuza ena anapima odwala 60 amene anali kuikidwa mfundo yatsopano ya m'ciuno. Amene anazizira anataya magazi ocuruka ndi pafupifupi theka la lita kuposa amene anafunditsidwa, pakuti magazi ozizira amacedwa kuundana. Kuonjezera apo, mankhwala ena amakhalitsa m'thupi lozizira, kotero kuti wodwala amacedwa kudzuka, ndipo akadzuka amanjenjemera kolimba pamene bala lake likali laliwisi.

Koma sayansi siima pamalo amodzi. Mu 2022 anafalitsa zotsatira za kafukufuku wamkuru wa odwala oposa 5,000, ambiri a iwo a ku China. Ena anasungidwa pa madigiri 37, ena pa madigiri pafupifupi 35.5, ndipo sipanaoneke kusiyana pa matenda a mtima, pa mafinya a m'mabala kapena pa kufunika kwa kuthiridwa magazi. Ici citiphunzitsa kuti kuzizira pang'ono thupi limakupirira, koma kunsi kwa madigiri 35.5 ndiko kuyenera kupewedwa. Taonani tsono mmene malire ake aliri pafupi: pakati pa 35.5 ndi 34.7 palibe ngakhale digiri imodzi yathunthu. Copimira cimene cilakwitsa ndi digiri imodzi cingamuike wodwala kumbali yolakwika ya malire amenewa.

Palinso ngozi ya kutentha. Mu 1960, mu mzinda wa Melbourne ku Australia, dotolo Michael Denborough anafotokoza za mnyamata wothyoka mwendo amene anali kuopa kugonetsedwa, cifukwa abale ake 10 anafa atapatsidwa mankhwala ogonetsa. Zinadziwika kuti pali matenda ena a kumtundu amene amacititsa minofu kuyaka monga moto munthu akapatsidwa mankhwala ena ogonetsa, ndipo thupi lingatenthe kupitirira madigiri 40. Matendawa ndi osowa, koma amapha msanga. Mu 1975, ku Cape Town, dotolo Gaisford Harrison anaonetsa pa nkhumba kuti mankhwala ochedwa dantrolene amaletsa ngoziyi. Koma mankhwalawo ayenera kuperekedwa msanga, ndipo kukwera kwa kutentha ndi cimodzi mwa zizindikiro zimene zimacenjeza madotolo.

Njira zopimira m'kati mwa thupi

Popeza khungu linganamize, madotolo anafuna njira zofikira m'kati mwenimweni. Njira yokhulupirika koposa ndiyo kulowetsa kapaipi kocepa kwambiri mumtsempha, kupyola mumtima, kufikira mumtsempha waukuru wopita ku mapapo, kotero kuti copimira cimakhudza magazi enieniwo. Koma imeneyi ndi njira yoopsa, ndipo imacitika pa opareshoni zazikuru monga za mtima, ndi pa odwala mwakayakaya. Njira imene imagwiritsidwa nchito kawirikawiri ndiyo kutsitsa kawaya kofewa kukhosi, m'njira ya cakudya, kufikira kumbuyo kwa mtima. Ena amalowetsa kawayako m'mphuno, ena m'cikhodzodzo pamodzi ndi kapaipi ka mkodzo, ndipo ena m'njira ya cimbudzi, ngakhale kuti kumeneko nambala imacedwa kusintha thupi likamazizira mofulumira.

Njira zimenezi ziri ndi mabvuto ake. Kawaya ka m'mphuno kangatulutse magazi. Kawaya ka kukhosi sikangalowetsedwe munthu asanagone, ndipo kayenera kucotsedwa iye akamadzuka, kotero kuti madotolo sangapime ndi cida cimodzi kuyambira paciyambi kufikira pamapeto. Bvuto lalikuru koposa ndi lakuti odwala ambiri sagonetsedwa konse. M'zipatala zathu, kuyambira ku University Teaching Hospital mu Lusaka kufikira ku zipatala za m'maboma, amai ambiri amene abala mwa opareshoni amalasidwa jekeseni ya pamsana. Thupi limacita dzanzi kuyambira m'mimba kunka kumapazi, koma iwo amakhala ali maso, ndipo amamva kulira koyamba kwa mwana wao. Jekeseni imeneyi nayonso imaziziritsa m'kati mwa thupi, ndipo kawirikawiri wodwalayo samva kuti akuzizira. Munthu amene ali maso simungamumezetse waya. Ici ndico cifukwa cake pafunika cida copima kutentha kwa m'kati, koma ciri kunja kwa thupi.

Njira zopimira kunja kwa thupi

Njira yakale ndi ya m'khwapa ndi ya kunsi kwa lilime. Zonse ziwiri zimathandiza zikacitidwa mosamala: m'khwapa mukhale mouma, copimira cilowe m'katikati, mkono upanikizidwe, ndipo wopima adikire nthawi yokwanira. Kucepa kwake ndi kwakuti zimapereka nambala ya nthawi imeneyo yokha, ndipo wopimayo ayenera kubwerezabwereza.

Njira yaciwiri ambiri a inu munaiona mu 2020, pa nthawi ya mliri wa COVID-19, pamene pa zipata za masukulu ndi za masitolo anthu anali kulozedwa pamphumi ndi kacida kooneka ngati kamfuti. Kacidako kamamva kutentha kumene khungu likutulutsa, ndipo kamaonjezerapo nambala ina kuti kayerekeze kutentha kwa m'kati. Ndi kofulumira ndiponso sikakhudza munthu, koma cimene kakupima ndi pamwamba pa mtanda. Mphepo, dzuwa ndi thukuta zimasintha yankho lake.

Njira yacitatu inapezedwa ku London mu 1971 ndi akatswiri awiri, Fox ndi Solman. Kuti muimvetse, kumbukirani lamulo ili: kutentha kumayenda kucokera pamalo otentha kunka pamalo ozizira, ndipo malo awiri akafanana kutentha, kuyendako kumaleka. Pamwamba pa nsima pamazizira cifukwa kutentha kumathawira mumphepo. Koma mukabvundikira nsimayo ndi mbale ina, mudzapeza kuti pamwamba pake pakali potentha. Mbale yobvundikirayo ikadakhala yotentha mofanana ndi nsima, kutentha sikukadathawa konse, ndipo pamwamba pa mtanda pakadafanana ndi m'kati mwake.

Cida ca Fox ndi Solman cimacita zomwezo pakhungu. Ciri ndi zopimira ziwiri zazing'ono, cina cokhudza khungu, cina pamwamba pake, ndipo pakati pao pali kansalu kochinga kutentha. Pamwamba pa zonse pali kambaula kakang'ono ka magetsi. Kambaulako kamafunda pang'onopang'ono kufikira zopimira ziwirizo zipereke nambala imodzi. Zikafanana, ndiye kuti kutentha kwaleka kutuluka pamalo amenewo, ndipo patapita mphindi zingapo khungu la pansi pa cidaco limafanana ndi mnofu wa m'kati. Akatswiri a ku Japan anakonzanso njirayi, koma zida zoyambazo zinali zolemera ndi zocedwa. Pambuyo pake kampani ya 3M inapanga kacigamba kopepuka komata pamphumi, kamene kamatayidwa wodwala mmodzi akakagwiritsa nchito. Kampani ya Dräger ya ku Germany inapanga cida cina ca pamphumi cimene ciri ndi zopimira ziwiri koma cilibe kambaula. Ico cimawerengera kutentha kwa m'kati ndi masamu.

Kuyesa cida catsopano

Paja amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Zimenezo nzoona, koma munthu wanzeru amayamba wakayesa kalumoko asanamete nako mwana wake. Nanga cida copimira kutentha cimayesedwa bwanji?

Coyamba, ofufuza amapempha cilolezo kwa bungwe loteteza odwala, ndiponso kwa wodwala ali yense. Caciwiri, amasankha odwala amene kale lomwe afunika copimira ca m'kati, kuti pasakhale wolowetsedwa waya cifukwa ca kafukufuku cabe. Cacitatu, amamata cida catsopano pamphumi, ndipo zida ziwirizo zimapima munthu mmodzi pa nthawi imodzi, kawirikawiri, kufikira opareshoni itatha. Cacinai, asanaone nambala iri yonse, amayamba agwirizana kuti adzalola kusiyana kwakukuru motani. Ambiri amaika malire pa theka la digiri, cifukwa kutentha kwa munthu wabwinobwino kumasintha motero pa tsiku, ndipo kusiyana kocepera apo sikunaonekepo kuti kumabvulaza wodwala. Malire ayenera kuikidwa poyamba, kuopa kuti munthu angawasunthe pambuyo pake kuti cida cake cioneke cabwino.

Tsono pali misampha iwiri imene iyenera kupewedwa. Woyamba ndi uwu. Tiyerekeze kuti mawochi awiri ali pakhoma, ndipo ina iri patsogolo ndi mphindi 10. Mawochiwo amayendera pamodzi tsiku lonse, koma sagwirizana ngakhale kamodzi, ndipo wokhulupirira yolakwikayo adzaimba belu nthawi isanakwane. Motero sikokwanira kunena kuti zida ziwiri zimakwera pamodzi ndi kutsika pamodzi.

Msampha waciwiri ndi wa avereji. Tiyerekeze kuti wogula cimanga wabwera ndi sikelo yatsopano. Pa thumba la mlimi woyamba sikeloyo yaonjezera makilogalamu 2, ndipo pa thumba la mlimi waciwiri yacotsa makilogalamu 2. Mukaphatikiza zolakwa ziwirizo mudzapeza ziro, ndipo wogulayo adzati sikelo yake ilibe colakwa. Koma mlimi waciwiri uja waberedwa ndithu. Wodwala nayenso sapimidwa pa avereji. Ali yense ali ndi thupi lake. Mu 1986 akatswiri awiri a masamu a ku Britain, Martin Bland ndi Douglas Altman, anafotokoza njira imene ofufuza ambiri amatsatira lero. Muyenera kupeza zinthu ziwiri: avereji ya kusiyana kwa zida ziwirizo, ndiponso malire amene mkati mwake mumagwera zopima 95 mwa 100 ziri zonse.

Tiyeni tione mayeso enieni. Mu 2014 ofufuza a ku America anafalitsa zimene anapeza pa odwala 105 amene anacitidwa opareshoni ya mtima. Wodwala ali yense anali ndi kacigamba pamphumi ndiponso copimira mumtsempha wopita ku mapapo. Pa avereji, kacigamba kanali kupereka nambala yocepa ndi madigiri 0.23, kumene ndi kusiyana kwakung'ono. Mwa zopima 100 ziri zonse, 78 zinasiyana ndi theka la digiri kapena kucepera apo. Ndipo 95 mwa 100 zinagwera mkati mwa madigiri pafupifupi 0.8 kumwamba kapena kunsi kwa avereji ija. Kodi muona mmene nambala zitatuzi zikunenera zosiyana? Yoyamba ikutamanda cida. Yaciwiri ikutikumbutsa kuti zopima 22 mwa 100 zinadumpha malire. Yacitatu ikutiuza kuti nthawi zina colakwa cingafike pafupi ndi digiri yathunthu. Ofufuzawo anagamula kuti cidaco cingathe kupima kutentha kwa m'kati ciri kunja kwa thupi, koma kuti zolakwa zake zinapitirira pang'ono malire a theka la digiri, motero dotolo wanzeru, akaona nambala yomudabwitsa, amapimanso ndi njira ina.

Mayeso otere ndiwo amatsogolera olemba malangizo a zipatala. Mu 2016 bungwe la NICE, limene limalangiza zipatala za ku England, linakonzanso malangizo ake a mu 2008. Linabvomereza kupima mumtsempha wa ku mapapo, m'njira ya cakudya, m'cikhodzodzo, kunsi kwa lilime, m'khwapa, m'njira ya cimbudzi, ndiponso ndi kacigamba ka pamphumi ka mtundu wa Fox ndi Solman. Koma linakaniza kudalira zida zolozera pamphumi kapena m'khutu pa akuluakulu amene akucitidwa opareshoni. Linanenanso kuti wodwala apimidwe asanagonetsedwe, ndi pa mphindi 30 ziri zonse kufikira opareshoni itatha. Kuti madzi a m'mitsempha, akakhala theka la lita kapena kuposa, afunditsidwe kufika pa madigiri 37. Ndi kuti cipinda cisazizire kunsi kwa madigiri 21 pamene wodwala ali wobvula.

Taonani bwino mndandanda umenewo. Zida ziwiri zonse nza pamphumi, koma cina cinalandiridwa ndipo cina cinakanidwa. Copimira ca m'khwapa, cimene ciri m'cipatala ciri conse ca kumudzi, cinakhala pamodzi ndi zida zamtengo wapatali. Cimene cinagamula mlandu si utsopano wa cida kapena mtengo wake, koma mmene cinacitira ataciika pambali pa cida cokhulupirika. Kacigamba ka pamphumi kamafuna magetsi ndi ndalama zogulira katsopano pa wodwala ali yense, ndipo si cipatala ciri conse cingakwanitse zimenezo. Koma cipatala ciri conse cingathe kupima m'khwapa mosamala, kulemba nambala, ndi kufunditsa wodwala asanalowe m'cipinda ca opareshoni.

Zocita m'kalasi

Aphunzitsi, tikupemphani kuti mucite zinthu zitatu izi pamodzi ndi ana.

Coyamba, bweretsani mbatata ziwiri zophika zofanana kukula, zikali zotentha. Ina muikulunge m'nsalu yokhuthala, ina muisiye pamphepo. Patapita mphindi 15, ana akhudze kunja kwa iri yonse, kenaka muzidule pakati kuti amve m'kati mwake. Afunseni kuti ndi mbatata iti imene kunja kwake kunanena zoona za m'kati.

Caciwiri, mwana mmodzi afumbate copimira m'dzanja kwa mphindi zingapo, kenaka aciike m'khwapa. Lembani nambala zonse ziwiri pa bolodi. Copimira cikalephera kupereka nambala ya m'dzanja cifukwa ca kuzizira kwa dzanjalo, limenelonso ndi yankho. Muzicitsuka mwana wina asanacigwire.

Cacitatu, tengani zopimira ziwiri ndi kapu ya madzi ofunda pang'ono, monga osambitsira khanda. Sankhani cimodzi kuti cikhale cokhulupirika, ndipo cinaco cikhale coyesedwa. Ana ayambe agwirizana za malire a kusiyana kumene adzalola. Kenaka pimani madziwo ndi zida zonse ziwiri pa nthawi imodzi, kokwana 10, ndi kulemba kusiyana kwake nthawi iri yonse. A giredi 6 ndi 7 apeze avereji, awerenge zopima zimene zadumpha malire, ndipo agamule okha ngati cidaco ncoyenera kucikhulupirira.

Cenjerani ndi zopimira zagalasi zimene ziri ndi madzi onyezimira a mekyule. Madzi amenewo ndi poizoni, ndipo pa pangano la Minamata la mu 2013 maiko anagwirizana kuleka kupanga zopimira zotere. Cikasweka, ana asakhudze timadontho take, ndipo mutsegule mazenera.

Mafunso

1. Kodi kutentha kwa m'kati mwa thupi la munthu wabwinobwino kumakhala pafupifupi madigiri angati?
2. Cifukwa ninji manja a munthu wogonetsedwa amafunda pamene m'kati mwake mukuzizira?
3. Chulani mabvuto awiri amene amagwera wodwala amene wazizira pa opareshoni.
4. Cifukwa ninji amai olasidwa jekeseni ya pamsana sangapimidwe ndi kawaya ka kukhosi?
5. Fotokozani m'mau anuanu cifukwa cake avereji yokha singatsimikize kuti cida ncabwino.

Ana inu, ena mwa inu mudzakhala anamwino, ena madotolo, ena akatswiri a mankhwala ogonetsa, ndipo ambiri mudzakhala alimi ndi amalonda ogwira sikelo ndi miyeso ina. Kulikonse kumene mudzakhala, munthu akadzakupatsani cida nanena kuti cimapima bwino, mudzamufunse mwaulemu kuti anaciyesa pambali pa ciani, anaciyesa kangati, ndipo pamene cinalakwitsa kwambiri cinalakwitsa motani. Munthu wogona pa tebulo la opareshoni sangathe kufunsa mafunso amenewa. Amadalira kuti ena anamufunsira kale. Tsalani bwino, kufikira tidzakumanenso m'phunziro lotsatira.